Kusula mpeni wa Damascus kuseri kwa nyumba kuno ku Joni

Mtolo wanga woyamba wa zitsulo unatseguka ngati buku. Ndinali nditaumenya Loweruka lonse, thukuta lili kamukamu, manja ali matuza okhaokha, ndiye nditati ndiugoneke cham'mbali kuti ndiuwongole, miyalo yonse inangoti yasa. Mnzanga wa ku Mangochi amene ankandigwirira mbaniro anapukusa mutu n'kunena kuti, “Achimwene, apa mwangowotha moto, simunalumikize kanthu.” Sananame. Ine ndinkaganiza kuti poti ntchito yanga ndi yowotcherera, komanso agogo anga aamuna ankasula makasu kwathu ku Dedza ine ndikuwapopera mvukuto, ndiye kuti nkhaniyi ndi ya mphamvu za m'manja basi. Ayi ndithu. Zitsulo zimagwirana chifukwa n'zoyera ndiponso zapsa mokwanira. Nyundo imangozikumanitsa.

Tisanayatse moto, timvane kaye za dzinali. Chimene anthu akuchitcha Damascus masiku ano ndi zitsulo za mitundu iwiri zimene zasanjikizidwa, kulumikizidwa pamoto, kutambasulidwa, kudulidwa, n'kusanjikizidwanso mpaka miyalo itachuluka. Chitsulo cha Damascus chakalekale chija chinali china. Ankachisungunula m'timiphika ku India, dzina lake wootz, ndipo mizere yake inkabadwa yokha chitsulocho chikamazizira. Komabe njira yathuyi si yadzulo. Lupanga limene linafukulidwa ku Sutton Hoo ku England mu 1939 linasulidwa popota tindodo ta chitsulo n'kutilumikiza pamoto, ndipo amene anadzutsanso lusoli pakati pa opanga mipeni ndi Bill Moran wa ku America mu 1973. Ndinene poyera kuti musadzanamize wogula: mizere siwonjezera kuthwa. Mpeni wa chitsulo chimodzi umene wakhwimitsidwa bwino umadula chimodzimodzi. Mizere ndi ya maso, ndipo timaivutikira chifukwa imatikomera.

Malo ndi ng'anjo

Ambirife timachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu ku Rosettenville, Turffontein kapena Mayfair. Yambani mwakambirana ndi eni nyumba komanso aneba, chifukwa nyundo ikamalira pachitsulo imamveka mpaka nyumba yachitatu. Ine ndimasula Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Lamulungu sindigwira nyundo. M'chipinda chotseka musayatsiremo ng'anjo ngakhale kunja kuzizire bwanji. Gasi akamayaka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa June.

Makala ndi mvukuto zimatha kulumikiza zitsulo, agogo anga ndi mboni. Koma m'tauni utsi ndi mbaliwali za moto zikuyambanitsani ndi anthu, choncho ndimakonda gasi. Pezani paipi yachitsulo yotambalala mamilimita 250, yotalika pafupifupi 350. Mkati mwake muyalemo thonje losapsa lija amati ceramic fibre, lochindikala mamilimita 50, ndipo mulimate ndi simenti yopirira moto. Osalisiya lamaliseche, poti tiulusi take tikalowa m'mapapo sitituluka. Pansi ikani njerwa yolimba ya ng'anjo, chifukwa borax, ufa woyera amene tidzawaze pachitsulo polumikiza, amadya thonjelo ngati chiswe pa tsekera. Mapaipi okutidwa ndi zinc, aja otuwa a madzi, asayandikire moto. Utsi wake woyera umatenthetsa thupi ngati malungo usiku wonse.

Pali chinthu china chimene mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni chifukwa ojambulawo sakhala kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mpweya wa kuno ndi wopyapyala kuyerekeza ndi wa ku Durban. Choyatsira chimene chimadzikokera chokha mpweya, chija amati venturi, chikhoza kufiiritsa chitsulo bwinobwino koma n'kumalephera kufika pa kutentha kolumikizira. Mukaona zimenezo chepetsani mkati mwa ng'anjo, tsekani khomo lakumbuyo ndi njerwa, apo ayi ikani kafani kopopera mpweya. Kafaniko kali ndi vuto lake. Magetsi akangothima, mpweya umaleka koma gasi amapitirizabe kutuluka, ndiye dzanja lanu lizidziwa pamene pali chotsekera ngakhale mutatsinzina. Silinda ya makilogalamu 9 imachita chisanu kunja kwake mukaikoka kwa nthawi yaitali, makamaka m'nyengo yozizira, ndipo moto umafooka pa nthawi imene mukuufunitsitsa. Ya makilogalamu 19 imapirirako. Regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka m'silinda, ikhale yosintha mphamvu, osati ya chitofu cha kukhitchini, ndipo polumikiza paliponse pakanipo thovu la sopo kuti muone ngati pakutuluka mpweya.

Chosulirapo chenicheni n'chodula. Chibuluma chilichonse cha chitsulo chosalala pamwamba, cholemera makilogalamu 30 kapena kuposa, chimagwira ntchito mukachikhazika pa chitsa, ndipo kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Booysens, Denver ndi Cleveland zimapezeka. Pa chidutswa cha njanji pokhapo ndikuchenjezeni, abale anga. Kuba ndi kuwononga njanji ndi mawaya ndi mlandu waukulu m'dziko lino, ndipo pa lamulo la 2015 chilango chimatha kufika zaka 30. Iwe mlendo ukapezeka ndi njanji kuseri kwa nyumba wopanda lisiti, ufotokoza chiyani? Chilichonse chimene mwagula kumeneko, tengani lisiti.

Zotsala n'zodziwika: nyundo ya kilogalamu 1 kapena 1.5, nyundo yaikulu ya makilogalamu 3 kapena 4 ya mnzanu wokuthandizani, mbaniro yogwira molimba, vayisi, gilayinda ya mamilimita 115, matupa, sandipepa, maginito, ndi makina owotcherera. Valani zathonje kapena zachikopa. Nayiloni amasungunukira pakhungu. Magalasi otchinga maso asachoke kumaso.

Zitsulo zake

Apa m'pamene ambiri amagwera asanayambe n'komwe. Mukufuna zitsulo ziwiri zimene zimakhwima pa kutentha kofanana koma zimadyeka mosiyana ndi asidi. Zimene osula ambiri anakhazikikapo ndi 1084 ndi 15N20. Choyambacho chili ndi kaboni pafupifupi 0.84 peresenti komanso manganese, ndipo chimada mu asidi. Chachiwiricho ndi chitsulo cha Uddeholm cha ku Sweden chopangira macheka aakulu a matabwa. Chili ndi nickel pafupifupi 2 peresenti, amene amachiteteza ku asidi, ndiye chimatsala chowala. Ngati 1084 sakupezeka, 1070 kapena 1075 amalowa m'malo popanda vuto. Ogulitsa zipangizo za opanga mipeni alipo kuno ku Gauteng, ndipo pa mtolo woyamba gulani zitsulo zatsopano zodziwika dzina.

Ndikudziwa kuti mtima wa Mmalawi ukuti, nanga sipuling'i ya galimoto ija? Ndi chitsulo chabwino cha chikwanje ndi nkhwangwa, koma masipuling'i ambiri ali ndi chromium, ndipo makoko amene chromium amapanga pamoto salola kuti zitsulo zigwirane msanga. Mtolo wanga wotseguka uja unali wa sipuling'i ndi macheka amene wogulitsa wina anandilumbirira kuti ndi “chitsulo chenicheni.” N690, amene opanga mipeni ambiri kuno amamukonda, ndi stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ndipo salumikizika pamoto wapoyera ngati wathuwu. Zakutola muziyesa mutazolowera, pamene mukhoza kusiyanitsa kuti cholakwa ndi chitsulo kapena ndinu.

Kumanga mtolo

Dulani zidutswa 5 za 1084 zochindikala mamilimita 3, ndi zidutswa 4 za 15N20 zochindikala mamilimita 2, zonse zotalika 100 ndi zotambalala 30. Mtolo wotere umalemera kupitirira pang'ono theka la kilogalamu. Ukuoneka waung'ono, koma mudzaulemekeza mukayamba kuutambasula ndi dzanja. Dziwaninso kuti pofika pomaliza, chitsulo chochuluka chidzakhala chitapita ndi makoko ndi gilayinda, kawirikawiri theka kapena kuposa, ndiye apa mukupeza mpeni umodzi wapakatikati.

Palani nkhope zonse ziwiri za chidutswa chilichonse mpaka chitsulo chiwale, pasatsale dzimbiri kapena khungu lakuda la ku fakitale. Pukutani ndi acetone, mankhwala amadzimadzi ochotsa mafuta, ndipo mukapukuta musagwirenso pankhopepo ndi zala. Sanjikizani mosinthanasinthana, zochindikala zija zikhale kunja chifukwa zopyapyala zimapsa msanga n'kupindika. Fasani mu vayisi mwamphamvu, wotchererani m'makona ndi mzere umodzi pakati mbali zonse, kenako lumikizani ndodo ya chitsulo yotalika ngati mkono kumapeto kumodzi kuti ikhale chogwirira. Wotchererani ndodoyo mosaumira, poti ikathothoka mtolo uli wachikasu mudzavina gule wosakonzekera.

Kulumikiza

Yatsani ng'anjo ndipo muisiye mphindi 15 kapena 20 kuti makoma ake atenthe okha. Sinthani gasi ndi mpweya mpaka lilime la moto liziturukira pakhomo pang'ono. Zimenezi zikutanthauza kuti mkatimo gasi wachuluka kuposa mpweya, ndiye palibe oxygen wotsala woti adye chitsulo chanu. Mdani wamkulu pa ntchito yonseyi ndi makoko akuda aja amayala pachitsulo chotentha ngati nkhoko mumphika wa nsima. Akalowa pakati pa miyalo, pamenepo sipagwirana.

Ikani mtolo. Ukafiira, utulutseni n'kuwaza borax m'mbali mwake, mmene mukuoneka mizere ya miyalo. Borax wa m'sitolo amafufuma kaye chifukwa cha madzi amene ali nawo, kenako amasungunuka n'kulowerera m'mipata ngati uchi. Ntchito yake ndi kusungunula makoko ndi kutchinga mpweya. Osula ena saika borax konse, amangoviika mtolo wozizira mu palafini asanauike pamoto, ndipo zimatheka ngati moto wanu mumaudziwa bwino. Woyamba kumene ayambe ndi borax.

Bwezerani pamoto, ndipo apa dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukufuna madigiri pakati pa 1,200 ndi 1,300, mtundu wachikasu chowala. Kunja kwa mtolo kumafika msanga pamene mkati mukadali mozizirirapo, ndipo ine cholakwa changa chachikulu tsiku lija chinali chimenechi. Tembenuzani mtolo kawirikawiri. Muziuyang'ana mwachidule poyerekeza ndi makoma a ng'anjo: ukafanana nawo mtundu mpaka kukhala ngati wasowa, popanda mthunzi wakuda pakati, borax akuyenderera n'kumawira pamwamba, dikiranibe mphindi zina zingapo. Mukaona chitsulo chikuthetheka mbaliwali zoyera, mwapyola, chikupsa. Pa gasi sizichitikachitika, koma pa makala n'zosavuta.

Tsopano liwiro. Chosulirapo chikhale phazi limodzi kuchokera pang'anjo, nyundo ili kale m'manja. Tulutsani, ikani, ndipo menyani mopepuka koma mofulumira, kuyambira pakati kupita m'mbali, kuchokera kumapeto kumodzi kukafika kwinako, kuti borax ndi zinyalala zifinyikire kunja. Musamenye ngati mukuswa mwala. Kumenya kwamphamvu kumatsetsereketsa miyalo isanagwirane. Borax wamoto amathovokera mbali zonse pa nyundo zoyambirira, ndiye ana ndi oonerera akhale patali. Muli ndi masekondi ochepa okha. Chikasu chikayamba kutha, lekani, palani ndi bulashi ya waya, wazaninso borax, bwezerani pamoto. Chitani zimenezi katatu, ulendo wachiwiri mutatembenuza mtolo, wachitatu mukuwonjezerako mphamvu.

Khutu limathandiza. Mtolo wosagwirana umalira mofowoka ngati mukumenya mulu wa malata, pamene wogwirana umayankha ngati chitsulo chimodzi. Maso nawonso: mtolo ukamazizira, muyalo umene sunagwire umada msanga kuposa inzake, ndipo mumaona kamzere kamdima. Mukakayika, palani mbali imodzi ndi gilayinda muone. Kamng'alu kakaoneka, wazani borax n'kubwereza. Kuyesa komaliza ndi kuja kunandichititsa manyazi ine, kougoneka cham'mbali n'kuumenya uli wotentha kwambiri.

Kuchulukitsa miyalo

Ukagwirana, palani n'kuchotseratu zowotcherera zonse zija za m'makona, chifukwa ndi chitsulo chofewa ndipo chikatsalira chimadzaoneka ngati chipsera chotuwa pampeni. Kenako tambasulani mtolo mpaka utalike katatu. Apa m'pamene mutu umodzi susenza denga. Inu gwirani ndi kulozera ndi nyundo yaing'ono, mnzanu azitsitsa yaikulu pamene mwalozapo. Sulani chitsulo chili chachikasu kapena ngati lalanje lowala. Chikafika pofiira chabe bwezerani pamoto, chifukwa kumenya chozizira kumatsegula miyalo imene munaivutikira.

Usiyeni uzizire, palani nkhope zake mpaka kuwala, dulani patatu, sanjikizani, wotchererani m'makona, ndipo bwerezani zonse za pamwambapa. Miyalo 9 yasanduka 27. Ulendo wina ikhala 81. Ena amangodula pakati osamaliza n'kupinda mtolo uli wamoto, zimene zimafulumira, koma ine ndimakonda kuziziritsa ndi kupala chifukwa ndimaona ndi maso kuti pankhope payera. Musatengeke ndi manambala. Ndi nyundo yamanja, 81 ndi yokwana, ndipo mizere yake imaoneka munthu ali chapatali. Miyalo ikachuluka kwambiri imapyapyala mpaka diso kulephera kuisiyanitsa. Ntchito ya gawo lino lokha imadya Loweruka awiri kapena atatu.

Kusankha mizere

Mizere imaoneka pamene gilayinda yadula miyalo imene yakhotakhota. Mukapanda kuchita chilichonse, mabala a nyundo okha amapereka mizere yonga ya thabwa, ndipo pa mpeni woyamba imeneyi ndi yokwanira. Mukafuna ya makwerero, dulani tingalande ndi gilayinda modutsa chitsulo mbali zonse ziwiri, ta mbali ino tikhale pakati pa ta mbali inayo, kuya kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako sulani mpaka pasalale. Mukafuna ya madontho a mvula, boolani timaenje tosaya m'malo mwa tingalande.

Imene ndimaikonda ine ndi yopota. Imakoma pa miyalo yochepa, 27 ija, ndiye imapulumutsanso Loweruka limodzi. Sulani chitsulo chikhale cha mbali zinayi zofanana, gwetsani makona kuti chikhale ngati chobulungira, wazani borax, tenthetsani mpaka chikasu, panani mbali imodzi mu vayisi, inayo mupote ndi sipanala yaikulu ngati mukufinya chovala chonyowa. Potani pang'onopang'ono, kangapo, mukubwezera pamoto. Kupota kumaulula chinyengo chilichonse. Ngati pena sipanagwire, apa pang'ambika.

Kuumba ndi kukhwimitsa mpeni

Sulani nsonga, kenako mchira wolowa m'chigwiriro. Mbali yakuthwa musaisule kwambiri ngati mukufuna kuti mizere yanu ya makwerero kapena yopota isasokonekere. Siyirani gilayinda ndi tupa.

Chitsulo chimene chakhala pamoto wachikasu maola onsewa chimakhala ndi njere zikuluzikulu mkati, ndipo choterocho chimathyoka msanga. Muyenera kuzichepetsa. Chitani izi madzulo kapena pamthunzi kuti muziona mtundu bwino. Maginito amaleka kugwira chitsulo pa madigiri pafupifupi 770, ndiye ndiwo muyeso wanu. Tenthetsani mpeni kupyola pamenepo ndithu, cha m'ma 870, n'kuusiya uzizire pamphepo mpaka ude. Kachiwiri fikani pongopyola pang'ono pamene maginito alekera, kachitatu pafupifupi pomwepo. Mukatero palani maonekedwe a mpeni, boolani mabowo a mchira tsopano chifukwa ukakhwima simudzaboolanso, ndipo mbali yakuthwa muisiye yochindikala milimita 1. Mukaipyapyalitsa kwambiri imapindika kapena kung'aluka m'mafuta.

Thirani malita 3 kapena 4 a mafuta ophikira a canola m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, n'kuwafunditsa mpaka madigiri pafupifupi 50 poviikamo chitsulo china chotentha. Mafuta ofunda amapyapyala ndipo amaziziritsa mpeni mofulumira kuposa ozizira. Oyilo wakutha wa galimoto musiyeni, utsi wake ndi poizoni. Madzi nawo ayi. Ndinayesapo ndikukumbukira agogo akuviika khasu m'phale, ndipo ndinangomva kuti “thi!”, mpeni wa masabata atatu wang'aluka.

Chepetsani moto wa ng'anjo. Tenthetsani mpeni mofanana ponseponse, mukuuyendetsa kuti nsonga isapse. Maginito akaleka kugwira, onjezerani pang'ono kuti ufiire mowalirapo, cha m'ma 815, ndipo uviikeni m'mafuta nthawi yomweyo, nsonga patsogolo. Muziuyendetsa chokweza ndi chotsitsa, osati cham'mbali, kuti usakhote. Moto ukabuka pamafuta musathawe nawo mpeni, umirizeni wonse, ndipo ukapitirira vundikirani chitini. Ukazizira yesani ndi tupa. Likamatsetsereka ngati pagalasi, wakhwima. Likamaluma, bwerezani.

Pamenepa mpeni ndi wolimba koma ukhoza kusweka mutangougwetsa pansi, ndiye musagone musanaufewetseko. Utsukeni ndi sopo kuti mafuta onse achoke, n'kuuika mu uvuni wa kukhitchini pa madigiri 200 kwa maola 2. Utulutseni uzizire, kenako maola 2 enanso. Manambala a pa uvuni amanama, gulani kachoyezera kutentha koika mkati. Onaninso kaye ngati magetsi sathima m'maola amenewo. Ndipo zotsuka ndi sopozo ndikunenetsa. Ine ndinaika wosatsuka, buledi wa mawa lake ananunkha chipala, ndipo mayi a kunyumba sanaiwale mpaka lero. Pamalo opala, mpeni utuluke ndi mtundu wa udzu wouma.

Kutulutsa mizere

Malizani kupala, mukuviika mpeni m'madzi pafupipafupi. Mukaona buluu m'mbali yakuthwa ndiye kuti mwaifewetsa, ndipo ntchito yokhwimitsa ija yawonongeka pamenepo. Kenako khalani pansi ndi sandipepa wokulungidwa pa kathabwa: 120, 220, 400, mpaka 600. Nambala iliyonse muzikwecha mopingasa ndi yapitayo kuti muone ngati mikwingwirima yakale yatha. N'zotopetsa, koma asidi sabisa mkwingwirima, amauonetsa kwambiri.

Asidi wake ndi ferric chloride, amene amapezeka m'masitolo a zipangizo za mawailesi ndi zamagetsi. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo 3 kapena 4 a madzi oyeretsedwa aja, amati distilled, othira m'mabatire. Ndati madzi, osati asidi wa batire. Thirani mu paipi ya pulasitiki yotseka pansi, valani magolovesi, pukutani mpeni ndi acetone, n'kuupachika ndi waya kuti umire. Pakatha mphindi 10 utulutseni, tsukani, pukutani mwaye wakudawo, bwezeraninso. Katatu kapena kanayi, mpaka chikhadabo chizimva timapiri ta mizere. Wosakaniza mopyapyala amadya pang'onopang'ono koma mwaukhondo. Mukakhutira viikani mpeni m'madzi a soda wophikira kuti asidi afe, apo ayi mawa mudzaupeza wadzimbiri.

Ulendo woyamba kuona mizere ikutuluka m'madzi achikasuwo, ine ndi mnzanga uja tinangoti chete ngati tili pamaliro, kenako iye n'kuyamba kuseka yekha. Kuti zakuda zide kwambiri, sungunulani khofi wambiri m'madzi, khofi weniweni osati wosakaniza ndi chicory, ndipo akazizira muviikemo mpeni maola angapo. Pomaliza pititsani sandipepa wa 2000 mopepuka pamwamba kuti miyalo ya nickel iwale, n'kupaka mafuta.

Chigwiriro ndi zotsala

Mtengo umene kuno amautcha kiaat ndi mlombwa wathu womwe uja, ndipo zidutswa zake zimapezeka kwa akalipentala. Tsanya, amene kuno amati mopane, ndi wolimba komanso wolemera. Phingo ndi wokongola koposa koma amagonjetsa tupa. Uliwonse ukhale wouma bwino. Tambotie muzimusamala, fumbi lake limawotcha maso ndi khungu. Kulungani mpeni ndi tepi, matani matabwa ndi guluu wolimba uja amati epoxy, lowetsani timisomali ta brass m'mabowo aja, fasani usiku wonse, mawa lake semani ndi tupa mpaka chikhale bwino m'dzanja lanu. Kunola ndi komaliza penipeni, pamwala, kuti musadzicheke pogwira ntchito zinazi.

Mpeni wotere si stainless. Mukadulira tomato kapena ndimu, tsukani, pukutani, pakani kamafuta. M'kupita kwa nthawi umachita mtundu wotuwirako, ndipo limenelo si dzimbiri.

Amene akufuna kuona ntchito ya akatswiri apite ku chionetsero chimene bungwe la Knifemakers' Guild of Southern Africa limachita chaka ndi chaka kuno ku Gauteng. Ku Belfast ku Mpumalanga kulinso Kevin ndi Heather Harvey a Heavin Forge, onse awiri ovomerezedwa ndi American Bladesmith Society ngati akatswiri osula, ndipo amaphunzitsa anthu.

Za kuyenda nawo mpeniwo: lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 limati ndi mlandu kupezeka ndi chida choopsa m'njira yokayikitsa kuti ukufuna kuchitira choipa. Kusula mpeni sikoletsedwa, koma musauike m'thumba la buluku pokwera taxi ya ku Bree poti mukufuna kukaonetsa anzanu kuntchito. Usokereni chimake chachikopa, ukulungeni, uikeni m'kabokosi pansi pa chikwama. Umene ndinatumizira malume ku Dedza ndinaukulunga m'nsalu pakati pa mabulangete, n'kuupereka ku katundu wa pansi pa basi ku Park Station. Atalandira anandiimbira foni kufunsa kuti mizereyo ndinajambula ndi chiyani, ndipo nditawafotokozera zonsezi anangoti, “Chabwino, koma ulendo wina utumize wautali pang'ono, uwu ukuchepa posenda mbuzi.”